Phula la a Arcanjo

Mukafika pa Kalomwe tsiku la msika, mukangodutsa anyamata osintha ndalama aja, pali mtengo wa bulugamu wodulidwa kumutu. Pansi pake pamakhala bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, akumata mapoto obooka ndi mabeseni. Ameneyo ndi mlongo wanga, a Arcanjo. Anthu a pamalire amawaitana kuti a Mapoto. Dzina limeneli limandinyansa, ndikalimva ndimafuna kulavula, koma sindingakalipire munthu aliyense, chifukwa amene anawakhazika pansi pa mtengo umenewo ndine.

Ine ndine Telma, mlongo wawo wamng'ono. Ndimalima kachewere kuno ku Domwe, ndipo anthu amati ndine wapakamwa. Sakunama. Ndakalipira ogula obera pa sikelo, ndakalipira eni mbuzi, ndakalipira ana anga mpaka anakula. Tsiku limodzi lokha pakamwa pangapa panafunika kunena chinthu cha phindu, ndipo tsiku limenelo panatuluka bodza.

Tinabadwira kufupi ndi mishoni ya Fonte Boa, iwo mu 1971, ine patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo athu anali mmisiri wa matabwa ndipo ankati mwana wawo wamwamuna adzakhala mphunzitsi. Mutu a Arcanjo anali nawo. Koma nkhondo inawapeza ali m'kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo m'mawa wina mu 1986 tinathawa titanyamula mabulangete ndi mphika umodzi. Mapepala awo a sukulu anatsala m'sutikesi pansi pa bedi, nyumbayo n'kupsa ndi zonse zimene zinali momwemo. Njira ya ku Dedza sindinayiyende yonse ndi miyendo yanga. Theka lake ndinali kumsana kwa achimwene.

Ku Dedza tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri tikulandira ufa pa mzere. A Arcanjo mizere sankaikonda. Anadziphatika kwa mkulu wina wokonza mawailesi, amene ankawalipira ndi mawu achipongwe komanso mawailesi akufa. Mawailesi akufawo ndi amene anawaphunzitsa ntchito. Pobwerera kwathu mu 1993 anali ndi chitsulo chowotcherera cha mutu wa kopa, chotenthetsa pa makala, ndi kamita kakale koyezera magetsi komwe singano yake inkafuna kuigogoda kaye ndi chala kuti iyende.

Chimene analibe ndi pepala. Kulikonse kumene kunkamveka ntchito ya zamagetsi, ku Ulongwe ngakhale ku Tete, funso linali lomwelo: dokumento ili kuti? Anthu a madokumento ndawaona ine. Ndawaona akubwera ndi mawailesi awo kwa achimwene atawakulunga m'nsalu kuti anzawo asawaone. Akawakonzera ankati "obrigado, mestre," kutanthauza kuti zikomo katswiri, koma akakumana nawo mu ofesi umestre wonse unkathera pakhomo. Achimwene sankadandaula pagulu. Koma ine ndinkawadziwa. Ankafuna kuona dzina lawo litalembedwa penapake ndi chidindo pansi pake, kamodzi kokha asanafe.

Mafoni atabwera, mawailesi anayamba kusowa, ntchito n'kuchepa. Kenako panafika masola. Ankalowa pa Kalomwe atamangidwa kumbuyo kwa njinga, ndipo aliyense amene kachewere wamuyendera ankagula lake. Anthu athu, monga mukuwadziwa, ankangotenga mawaya awiri a sola n'kuwamangirira pa bateriya, basi. Dzuwa likawala bateriya inkadya mpaka kukhuta, n'kupitiriza kudya, mpaka madzi ake n'kuwira n'kuuma. Miyezi inayi, bateriya yafa. Amene ankagula timabokosi ta m'sitolo toletsa zimenezi nawonso ankalira, chifukwa kuno kumtunda nkhungu imalowa paliponse. Kabokosi kankagwira ntchito chilimwe chonse, koma mvula ikangokhazikika m'kati mwake munkamera dzimbiri lobiriwira, n'kufa.

A Arcanjo anati apanga kawo. Anakatcha kamlonda, chifukwa ntchito yake inali kuima pakati pa sola ndi bateriya: bateriya ikakhala ndi njala katsegule, ikakhuta katseke, ndipo dzuwa likalowa kaletse moto kubwerera kudenga. Tizipangizo take ankatitola m'mawailesi akufa ndi m'matchaja a mafoni. Ankatenga plaka, kathabwa kopyapyala kokutidwa ndi kopa, n'kuidula kukula ngati bokosi la machesi. Njira za moto ankazilemba ndi msomali, n'kuzikumba ndi kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, pang'onopang'ono, lilime lili kunja. Akatero ankaboola timabowo ndi singano ya matumba, n'kulowetsa timiyendo ta tizipangizo tija, n'kuwotcherera kamodzikamodzi. Kamodzi mwa tizipangizoto, ka miyendo itatu, kankatentha pogwira ntchito, choncho ankakamangira ndi bawuti pa kachidutswa ka poto wa aluminiyamu kuti kazizizira. Pamwamba ankaika timagetsi tiwiri, kofiira ka njala ndi kobiriwira ka kukhuta.

Kupanga sikunawavute. Chinawadya mutu ndi madzi. Tamlonda toyamba tinafa ngati ta m'sitolo tomwe. Anayesa kupaka vanishi wa zikhadabo wa akazi awo, a Efigénia, amene anawanyanyalira masiku atatu, koma nkhungu inalowabe m'mphepete. Anayesa kukulunga m'pulasitiki, m'kati n'kumatuluka thukuta. Anayesa tala wa pamsewu, koma kuzizira kwa Juni kunamung'amba. Zinawatengera mvula zitatu kuti apeze njira. Ankatenga kachitini ka sadinya, n'kukatsuka ndi phulusa, n'kuyala katoni pansi kuti plaka isakhudze chitsulo. Kenako ankasungunula phula la njuchi, kusakaniza ndi tizidutswa ta makandulo, n'kuthira m'kachitinimo mpaka plaka yonse itamira, kungotsala timagetsi tija, mawaya anayi ndi kachidutswa ka aluminiyamu kaja. Ankathira kawiri, chifukwa phula likamazizira limabwerera pansi n'kusiya dzenje pakati.

Tsiku limene anandionetsa ndikulikumbukira. Ndinapita kwawo kukabwereka khasu, ndipo anandikokera kuseri kwa nyumba komwe kunali ndowa yodzaza madzi.

"Tasuzumira umo, mlongo."

Pansi pa ndowa panali kachitini ka sadinya, kagetsi kobiriwira kakuyaka m'madzimo.

"Lero ndi tsiku lachinayi," anatero. "Mawa ndikakaika mu ngalande ya kudimba, kakagone ndi achule."

Ankaseka ngati mwana. Munthu wa zaka makumi anayi ndi mphambu, wa ana akuluakulu, akuvina pambali pa ndowa. Ndinawauza kuti apenga, koma mumtima ndinanyada kwambiri.

Mu 2016 kunabwera bungwe lina limene linati lipereka masola ndi mabateriya kwa mabanja makumi anayi a m'gulu lathu la alimi a kachewere, lomwe timangoti asosiyasau. Wapampando wa gululo anali amuna anga, a Ernesto. Woyang'anira ntchitoyo anali injiniya wina wachinyamata wochokera ku Tete, dzina lake Serafim. Ameneyu sindimunenera choipa. Atamva za kamlonda anapita yekha kwa achimwene, anakatembenuzatembenuza, n'kukayeza ndi mita yake yamakono. Kenako ananena pamaso pa gulu lonse kuti kamodzi kaikidwe m'nyumba ya wapampando, kakhale mvula yonse. Mvula ikatha bateriya ili moyo, a Arcanjo apanga tamlonda ta mabanja onse makumi anayi, ndipo bungwelo liwalembera pepala loti ndi tekniko, mmisiri wa zamagetsi wa dera lathu, lokhala ndi chidindo.

A Ernesto sizinawasangalatse. Anali munthu wokonda zinthu za m'katoni, zolembedwa chizungu, ndipo mlamu wawo ankamuona ngati wotola zinyalala. Analinso munthu woopa manyazi kuposa imfa. Chaka china mbewu ya kachewere itandiwolera m'nkhokwe, anthu n'kuwaseka ku msonkhano, anandimangira katundu n'kunditumiza kwathu, ndipo ndinakhala kwa achimwene miyezi iwiri mpaka akuluakulu atakambirana. Makolo anali atamwalira kale, ndiye kwathu kunali kwa a Arcanjo basi. Tsiku limene bateriya ya bungwe inalowa m'nyumba mwathu, a Ernesto anandiloza ndi chala.

"Ichi ndi chinthu cha asosiyasau, wamva? Chikawonongeka ndi manja a munthu wa m'nyumba muno, ulendo uno palibenso zokambirana."

Achimwene anabwera mu Novembala, anakweza sola padenga, n'kukhomera kamlonda pakhoma la pabalaza, khoma lomwe kuseri kwake kuli khitchini. Waya anasiya wautali, ataukulunga bwino n'kuupachika pa msomali, akuti mwina tidzafuna kusuntha bateriya. Potsanzika anandigwira paphewa.

"Usakakhudze, Telma. Ngakhale denga lidonthe, kasiye. Madzi sikawaopa aka."

Za moto sananene. Ndani angauze mayi wamkulu, wa ana atatu, kuti phula limasungunuka?

Novembala ndi Disembala zinayenda bwino. Ana ankawerenga pa getsi, anansi ankabwera kudzatchaja mafoni, ndipo masana aliwonse kagetsi kobiriwira kankayaka. Achimwene ankapalasa njinga Lamlungu lililonse akatuluka ku misa kudzakaona, ngati munthu woyendera mwana wa kugonera.

Mu Januwale kunagwa mvula ya masiku asanu ndi anayi osaleka. Lata limodzi linayamba kudontha, madzi n'kumatsetsereka pakhoma mpaka pa kamlonda penipeni. Ndinkawaona akugwera pa kachitiniko, n'kumadontha pansi pake. Tsiku loyamba ndinakumbukira mawu a achimwene. Tsiku lachiwiri ndinaika kansalu pamwamba pake. Tsiku lachitatu mtima unakana. Ndowa ija ndinaiona ndi maso angawa, koma kuona chinthu kwa eni ndi kwina, kuchiona chikunyowa m'nyumba mwako, chitanyamula pepala la mlongo wako ndi ukwati wako, ndi kwinanso.

Kuno kwathu chinthu chilichonse chofunika chimene chimadana ndi chinyontho chili ndi malo ake, ndipo malowo ndi pamwamba pa moto, pa utsi. Mayi athu ankapachika pamenepo chimanga cha mbewu, mchere, machesi, ngakhale makadi athu a ubatizo m'kachitini. Ine ndinaphunzira zimenezo ndisanaphunzire kulemba dzina langa. M'mutu mwanga pamenepo sipanali pamoto. Panali pouma, pomwe anankafumbwe safika, pomwe chinthu chimasungika. M'khitchini mwanga, pa mtanda wa pamwamba pa mafuwa, panali chimanga cha makolo chomangidwa m'makoko ake, chomwe ndinkasungira kudzabzala kudimba.

Ndinazula kamlonda pakhoma, ndinamasula waya wautali uja, ndinakadutsitsa pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, n'kukamangirira ndi luzi pa mtanda uja, pakati pa chimanga. Kanalendewera cham'mbali. Ndinatsika pa mpando ndikudziona wanzeru. Ndinati achimwene akadzabwera adzandithokoza.

Sanabwere masabata awiri, chifukwa mtsinje unadzaza. A Ernesto m'khitchini sankalowamo, ndipo khoma la pabalaza sankaliyang'ana. Masiku amenewo moto sunkazima tsiku lonse. Kunkazizira, zovala za ana zinkafuna kuuma, nyemba zinkakhala pamoto kuyambira m'mawa. Kumayambiriro kwa Febuluwale mvula inadukiza, dzuwa n'kutuluka laukali masiku atatu. Tsiku lachitatulo ndikuchokera kumunda masana ndinamva fungo la mazira owola pabalaza. Bateriya inali itatupa m'mbali, yotentha yosagwirika, ikulira pang'onopang'ono ngati ketulo.

Ndinathamangira kukhitchini n'kuyang'ana m'mwamba. Makoko a chimanga changa anali ndi mizere yachikasu ya phula louma. Kachitini kanali kakuda bii ndi mwaye, m'kati mwake phula litatsala mbali imodzi yokha, plaka ili pamtunda itatsamira chitsulo. Timagetsi tonse tiwiri tinali titazima.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ndachita. Sindinene kuti ndinasokonezeka, ayi, mutu wanga unagwira ntchito bwino kwambiri. A Ernesto anali ku Ulongwe. Ndinadula luzi, ndinatsuka kachitini kunja kwake ndi phulusa mpaka kanawala, ndinakabwezera pakhoma pa misomali yomweyo, waya n'kuukulunga monga unalili. Makoko a phula ndinawatembenuzira kukhoma. Kenako ndinakhala pakhonde n'kumasenda nyemba, kudikira kuti wina atulukire.

Msonkhano unachitika Loweruka lotsatira, pansi pa mtengo wa pichesi pakhomo pathu. Panali anthu oposa makumi anayi aja, chifukwa nkhani yoipa sisowa omvera. Bateriya yotupa anaiika pa tebulo. Achimwene anafika ndi matope mpaka m'mawondo, anapereka moni kwa onse, n'kutenga kamlonda kawo. Anakayang'ana m'kati. Anakanunkhiza. Anatokosa m'phula ndi chikhadabo, n'kufumbata dzanja. Kenako anandiyang'ana, kamodzi kokha, mwachidule.

Serafim anatenga kachitiniko n'kukapendeketsa padzuwa.

"Mestre, phula ili lasungunuka n'kuyenderera mbali imodzi. Zimenezi sizichita zokha. Kanthu aka kanali pafupi ndi moto?" Anatembenukira kwa amuna anga. "Prezidenti, kodi kanasunthidwapo?"

A Ernesto anaimirira ngati awatukwana.

"M'nyumba mwanga? Kanthu aka sikanachoke pakhoma chikhomereni. Mayi a kunyumba ali apa, amakhala pakhomo tsiku lonse. Afunseni."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinali nditakhala pa mphasa ndi amayi anzanga, mwana wanga wotsiriza ali pamiyendo. Ndinaganiza za katundu womangidwa m'chitenje, za mtsinje wodzaza, za a Efigénia akusuntha ana awo kuti atipatse malo. Zonsezi ndikuzinena osati kuti mundimvere chisoni. Ndinachita mantha basi, mantha a munthu wodzikonda.

"Sikanachoke pakhoma," ndinatero. Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera n'komwe.

Serafim sanakhutire. Anayamba kunena kuti pali mwaye m'kati, kuti akufuna aone khomalo. Achimwene ndi amene anamudula.

"Enjenyeiro, musavutike. Ndalakwitsa ndine. Ka miyendo itatu aka kanatentha kwambiri, aluminiyamu ndinaika yochepa. Katenthetsa phula, phula n'kuthawa. Kanthu kanga kalephera."

"Mukutsimikiza, mestre?"

"Ndikutsimikiza. Alamu, pepani chifukwa cha bateriya."

Anthu athu! Omwewo amene ankatchaja mafoni m'nyumba mwanga miyezi itatu anayamba kuseka. Wina anati ankadziwa kale kuti sadinya ndi ndiwo, si magetsi. Wina anati sukulu ya ku Dedza ija yaoneka. A Ernesto ananena mokweza kuti iwo anachenjeza pachiyambi. Serafim analemba m'buku lake, anatseka, n'kugwira achimwene chanza mosawayang'ana kumaso. Bungwe linabweretsa timabokosi ta m'sitolo, ndipo pepala la utekniko linapita kwa mnyamata wina wa ku Ulongwe amene tinamuona kawiri kokha.

Mbiri inayenda mofulumira. Anthu khumi ndi awiri amene anali atagula kale tamlonda, tomwe tinkagwira ntchito popanda vuto, anatizula okha n'kutitaya, poopa kuti tiwaphulitsira mabateriya. Wobwera ndi foni yoti akonzeredwe anayamba kusowa. Chaka chisanathe achimwene anatenga chitsulo chawo chowotcherera, chomwe chija cha ku Dedza, n'kukakhala pa Kalomwe kumamata mapoto. Timabokosi ta m'sitolo tinafa tonse mvula yachiwiri isanathe. Palibe amene anaitanitsa msonkhano pa zimenezo. Kamlonda ka m'nyumba mwa achimwene, ka phula koyamba kaja kanagona ndi achule, kakuyakabe mpaka lero.

Nanga ukwati umene ndinaugula ndi dzina la mlongo wanga? Patapita zaka zitatu a Ernesto anapeza mkazi wina ku Ulongwe, wogulitsa zitenje, n'kusamukira komweko. Sanandimangire n'katundu komwe ulendo umenewu, anangomanga wawo. Ndinalira, koma osati chifukwa cha iwo. Ndinalira ndi ukali, poona kuchepa kwa chinthu chimene ndinasinthanitsa ndi pepala la achimwene.

Ngakhale pamenepo sindinanene. Tinkakumana pa maliro, pa maukwati, pa Khirisimasi. Ankandipatsa moni monga kale, ankanyamula ana anga, anabwera kudzakhoma lata lodontha lija osapemphedwa. Ubwino wawo unkandipweteka kuposa ndodo. Ndinkafika powakwiyira, n'kumati bwanji osangonditukwana kamodzi tithane nazo. Ndinayamba kupewa njira ya pa bulugamu, kumazungulira kuseri kwa malole ndi thumba la kachewere pamutu.

Chaka chatha poto wanga wa nyemba anabooka. Ndikanatha kugula wina. Ndinamunyamula n'kupita naye pa Kalomwe. Achimwene anandilozera njerwa yokhalapo, anamuyang'ana potoyo padzuwa, n'kuyamba kupala m'mbali mwa bowo. Maso awo afooka tsopano, amavala magalasi omangidwa ndi waya. Ndinadikira mpaka lole imene inkalira pafupi itachoka.

"Achimwene, kamlonda kaja ndinakapachika pa utsi. Ndine ndinakapha. Ndinanama pamaso pa anthu."

Sanasiye kupala.

"Ndikudziwa, Telma. M'phulamo munali ndevu za chimanga."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ukanapita kuti ndi ana atatu, mvula ili pakati? Kwathu kunali kudontha kuposa kwanu."

Ndinawauza kuti ndipita ku asosiyasau, ndikaima pamaso pa onse, ndikanena. Ndinalankhula mokweza mpaka osintha ndalama anatembenuka. Iwo anangoika chitsulo pa makala n'kumapemerera ndi katoni.

"Ukauza ndani? Bungwe lija linapita. Enjenyeiro uja akuti ali ku Beira. Ndipo timiyendo tija sindingationenso, ngakhale utandipatsa pepala lero." Anatembenuza chitsulo pa makala. "Komanso sindinaname kwenikweni pamene ndinati ndalakwitsa ndine. Ndinayesa m'ndowa, ndinayesa mu ngalande, ndinayesa pa mame. Mvula zitatu ndikulimbana ndi madzi. Ndinaiwala kuti ndine mwana wa mayi athu, kuti kuno chinthu akachikonda amachipachika pa utsi."

Ndikanakonda akanandimenya ndi potoyo. Anamata bowo, anathira madzi kuti aone ngati akudontha, anapukuta ndi malaya awo, n'kundipatsa. Nditaimirira kuti ndizipita anandiitana.

"Mlongo, chimanga chija chinamera?"

Anafunsa ngati mlimi akufunsa mlimi mnzake, ndipo ndinawayankha zoona, chifukwa bodza ndinali nditathana nalo. Ndinachibzala kudimba mu Ogasiti chaka chomwecho, nditasenda makoko a phula aja ndi manja angawa. Chinamera chonse, phando lililonse, ndipo sindinakololepo chimanga chabwino ngati chimenecho. Tinachidya ine, ana ndi a Ernesto, ndipo china ndinawatumizira achimwene m'thumba, iwo n'kubweza mawu othokoza.